Käthe Kollwitz, mayi yemwe adapepesa mwana wake ndi mwala

Pakati pa mzinda wa Berlin, m'mbali mwa msewu wotchuka wa Unter den Linden, pali nyumba yaing'ono ya nsanamira kutsogolo yomwe amaitcha Neue Wache. Mukalowamo simupezamo mfuti, mbendera kapena msilikali atakwera hatchi lupanga lili m'mwamba. Chipinda chonse ndi mbee. Pakati pokha ndi pomwe pali chosema chimodzi cha mkuwa: mayi wachikulire wakhala pansi atafunda nsalu, ndipo pakati pa miyendo yake pali mwana wake wamwamuna, wamkulu kale, atafa. Pamwamba penipeni pa mayiyo denga adalisiya chiboo dala. Mvula ikagwa imamunyowetsa, nyengo yozizira chipale chofewa chimamugwera pamutu.

Apa ndi pomwe dziko la Germany limakumbukira onse amene adafa pankhondo komanso pansi pa maulamuliro ankhanza, ndipo atsogoleri amadzaika nkhata zamaluwa pomwepa. Koma mayi yemwe adaumba chithunzichi sadaumbire boma ayi. Adamwalira kutatsala zaka 48 kuti chilowe m'nyumbayi. Iye adaumba kanthu kakang'ono, kosakwana ndi theka la mita lomwe, ali yekha, pa nthawi yomwe boma lidamuletsa kuonetsa ntchito zake poyera. Dzina lake ndi Käthe Kollwitz, ndipo mnyamata wakufayo sadachite kumupeka.

Adabadwa pa 8 July 1867 mumzinda wa Königsberg, womwe lero uli m'dziko la Russia ndipo umatchedwa Kaliningrad. Kwawo adali a Schmidt. Bambo ake adaphunzira zamalamulo koma adazisiya n'kukhala mmisiri womanga nyumba, pomwe agogo ake aamuna, Julius Rupp, adali mbusa yemwe adachotsedwa mumpingo waboma n'kukayambitsa mpingo wina. Pakhomo lotere mwana amakula akudziwa kuti aboma nawo amalakwa. Bambowo adaona msanga kuti mtsikanayu ali ndi dzanja lojambula ndipo adamulipirira maphunziro. Kungoti sukulu zikuluzikulu za luso masiku amenewo sizinkalandira akazi, ndiye adakaphunzira m'sukulu zapadera za amayi ku Berlin ndi ku Munich.

M'chaka cha 1891 adakwatiwa ndi dotolo Karl Kollwitz, ngakhale bambo ake ankaopa kuti banja limuphera luso. Zidakhala zosiyana. Karl adatsegula kachipatala kake m'dera la anthu osauka la Prenzlauer Berg ku Berlin, ndipo banjali linkakhala m'nyumba yomweyo. Tsiku ndi tsiku Käthe ankaona amayi odikira adokotala: ena ali ndi pakati pachisanu ndi chiwiri, ena abereka mwana wotentha thupi, ena amuna awo ntchito idatha. Awa ndiwo adakhala anthu a m'zithunzi zake moyo wake wonse. Adasiya zopenta ndi utoto n'kusankha zojambula zakuda ndi zoyera, zomwe amakanda pa chitsulo kapena kugoba pa thabwa kenako n'kudinda pa mapepala ambiri. Zoterezi ndi zotsika mtengo, munthu wamba atha kugula n'kupachika m'nyumba.

Adatchuka mu 1898 ataonetsa zithunzi zisanu ndi chimodzi za anthu owomba nsalu omwe adaukira mabwana awo chifukwa cha njala. Oweruza adafuna kumupatsa mendulo yagolide, koma mfumu Wilhelm II idakana. Zithunzi za amphawi, zojambulidwa ndi mzimayi, sizidaisangalatse.

Pali chithunzi china cha mu 1903 chomwe chimachititsa nthumanzi ukadziwa zomwe zidadza pambuyo pake. Ndi mayi atakumbatira mwana wakufa, nkhope yake atailowetsa pachifuwa cha mwanayo ngati akufuna kumubwezera m'mimba. Pochijambula, Käthe adakhala patsogolo pa galasi atanyamula mwana wake weniweni wachiwiri, Peter, yemwe adali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Mwanayo adali wamoyo, wathanzi, akungothandiza amayi ake ntchito basi.

Tsopano tifike mu August 1914. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse idayamba, yomwe ija idafika mpaka kwathu kuno pomwe asilikali a Germany adamenyana ndi a King's African Rifles ku Karonga mwezi wotsatira. Ku Berlin anthu adaipokerera ndi nthungululu. Anyamata ankathamangira kukalembetsa usilikali poopa kuti nkhondo itha iwo asadaponyeko chipolopolo. Peter adali ku Norway kokayenda ndi anzake, ndipo atamva adabwerera msangamsanga. Adali ndi zaka 18, koma malamulo ankati munthu wosakwana zaka 21 sangalowe usilikali popanda chilolezo cha bambo ake.

Karl adakana. Iye adali dotolo, ankadziwa zomwe chipolopolo chimachita pathupi la munthu, ndipo adanena zonse zomwe akadatha kunena kuti mwanayo asapite. Peter adatembenukira kwa amayi ake. Käthe, mayi yemwe adajambulapo kale imfa ya mwana, adaima mbali ya mnyamatayo n'kuchonderera mwamuna wake kuti alole. Karl adagonja. Izi sitikuzimva kwa adani ake, adazilemba yekha m'buku lomwe ankalembamo za tsiku ndi tsiku. Pa nthawiyo ankakhulupirira kuti kudzipereka kwa achinyamatawo ndi chinthu chopatulika, ndipo kholo lisaime panjira.

Peter adanyamuka pakati pa mwezi wa October. Patangotha masiku pafupifupi khumi, usiku wa pa 22 October 1914, adawomberedwa pafupi ndi tawuni ya Diksmuide m'dziko la Belgium. Uthenga udafika kwa makolo ake kumapeto kwa mweziwo. Maliro kudalibe, thupi silidabwere, anzake adamuika komweko. Taganizani: palibe siwa, palibe manda oti upiteko kukalira, pali kachipinda kake kokha komwe amayi ake adakasiya momwe kadaliri.

Chaka chisadathe, Käthe adaganiza zomangira mwana wake chipilala chachikumbutso. Pulani yoyamba idali yofanana ndi zipilala zambiri za nthawiyo: Peter atagona chotambalala ngati nsembe yoperekedwa kudziko, bambo kumutu, mayi kumiyendo, pamalo okwera moyang'ana mtsinje wa Havel. Chidali choti chilemekeze anyamata onse odzipereka aja. Adalimbana nacho zaka zisanu koma osatheka. Manja adali nawo, luso lidalipo. Chomwe chinkasungunuka ndi chikhulupiriro chomwe chipilalacho chidatsamirapo. Anzake a Peter ankagwa mmodzimmodzi, ndipo m'buku lake lija adayamba kudzifunsa ngati anyamata a Germany, France, England ndi Russia sadangonamizidwa onse. Funso limenelo lidali lowawa zedi kwa iye, chifukwa ngati adanamizidwa ndiye kuti Peter adafera chabe, ndipo mmodzi mwa omwe adamukankhirako adali mayi wake womubala.

Mu October 1918, nkhondo ili pafupi kutha ndipo aliyense akuona kuti Germany yagonja, mlakatuli Richard Dehmel adalemba m'nyuzipepala kumema amuna kuti adzipereke komaliza pofuna kupulumutsa ulemu wa dziko. Käthe adamuyankha poyera m'nyuzipepala ya Vorwärts kuti afa okwanira, pasafenso wina. Asilikali a Germany omwe adafa pankhondoyi adali pafupifupi 2 miliyoni. Chaka chotsatira adasiya ntchito ya chipilala ija osaimaliza.

Sikuti adangokhala. Mu 1919 adasankhidwa kukhala membala wa bungwe la akatswiri a luso la Prussian Academy of Arts, malo omwe adali a amuna okhaokha, ndipo adapatsidwa udindo wa pulofesa. Adagoba pa matabwa zithunzi zisanu ndi ziwiri za nkhondo, ndipo m'zonsezo mulibe bwalo lankhondo ngakhale limodzi: muli amasiye, makolo, amayi ataunjikana kutchingira ana, ndi anyamata odzipereka akutsogozedwa ndi Imfa ikuimba ng'oma. Mu 1924 adajambula chikwangwani chokana nkhondo, mnyamata atakweza dzanja kulumbira, chomwe mpaka lero anthu ochita zionetsero ku Germany amanyamulabe.

M'chaka chomwecho cha 1924 adabwerera ku chipilala chija, koma atasintha chinthu chachikulu kwambiri. Adachotsamo Peter. Adatsala makolo awiri okha. Mu 1926 iye ndi Karl adapita koyamba kumanda a asilikali a Roggevelde ku Belgium, nakaona mitanda yamatabwa ili ndandanda, ndipo adatsimikiza kuti makolo amwalawo akagwada kumeneko, moyang'ana manda onse, osati a Peter okha. Adawaumba ndi pulasitala, ndipo amisiri awiri, August Rhades ndi Fritz Diederich, adawasema pamwala wa granite. Adaikidwa pamandapo mu July 1932. Kuchokera imfa ya Peter zidali zaka pafupifupi 18, zofanana ndi zaka zomwe mnyamatayo adakhala ndi moyo.

Ngati muli ndi bandulo, sakani chithunzi chake muone nokha. Bamboyo wagwada chowongoka, wadzikumbatira yekha mwamphamvu ngati akasiya manja agawika pakati, nkhope ili gwa. Ndi nkhope ya Karl. Mayiyo wawerama, wadzikulunga m'chovala, maso pansi. Ndi nkhope ya Käthe. Aliyense ali pa mwala wakewake, sakugwirana, sakuyang'anana. Amene adaonapo banja lomwe lataya mwana amadziwa zimenezi: anthu awiri m'nyumba imodzi, chisoni chimodzi, koma aliyense akulira payekha. Ine chomwe chimandigwira n'chakuti agwada. Munthu amagwada popemphera, komanso amagwada popepesa. Zipilala zambiri za nkhondo imeneyi zimauza akufa kuti mudachita bwino. Ichi chikuoneka ngati akuluakulu awiri afika pamaso pa ana kudzavomera kuti adalakwa kuwatumiza.

Miyezi isanu ndi umodzi yokha chiikireni chipilalacho, Adolf Hitler adatenga boma mu January 1933. Käthe adali atasaina chikalata chopempha zipani za anthu apantchito kuti zigwirizane potchinga chipani cha Nazi, ndipo chifukwa cha ichi adamukakamiza kutuluka m'bungwe la akatswiri lija limodzi ndi mlembi Heinrich Mann. Adataya udindo wophunzitsa, ntchito zake zidachotsedwa m'malo oonetsera. Kwa a Nazi, mayi wolira adali woopsa kuposa momwe mungaganizire, chifukwa iwo ankafuna amayi onyadira kupereka ana. Mnzake wosema, Ernst Barlach, zidamuonekeranso: mngelo wamkuwa yemwe adapachika m'tchalitchi cha ku Güstrow pokumbukira akufa pankhondo, yemwe nkhope yake idafanana ndi ya Käthe, adamutsitsa mu 1937 ndipo pambuyo pake adamusungunula.

Mu 1936 apolisi achinsinsi a Gestapo adafika pakhomo pake kudzamufunsa za nkhani yomwe idatuluka m'nyuzipepala ya ku Moscow, namuopseza kuti amutumiza kundende zozunzirako anthu ngakhale adali wokalamba. Kuyambira pamenepo iye ndi Karl adagwirizana kuti akadzabweranso kudzawatenga, adzadzipha. Sadabwerenso. Mayiyu sadathawe m'dziko, ngakhale mwayi wotuluka udalipo.

Ndi m'zaka zimenezi, kuyambira 1937, pomwe adaumba kachosema kaja ka mayi ndi mwana wakufa. Adali ndi zaka 70. Mayi wa m'kachosemako sakukuwa, sakumenya pachifuwa. Dzanja limodzi lili pakamwa, lina lagwira zala za mwanayo mopepuka. Ndi gogo yemwe misozi idauma kalekale, watsala n'kuganiza. Anthu amakafanizira ndi zithunzi za m'matchalitchi za Maria atanyamula mtembo wa Yesu, ndipo mwiniwake adaona kufananako, koma adanenetsa kuti kake sikadali kachipembedzo.

Zotsatira zake n'zachidule komanso zowawa. Karl adamwalira mu 1940. Mdzukulu wake woyamba, mwana wa Hans, yemwe adamutcha Peter pokumbukira malemu aja, adafa mu 1942 ali msilikali ku Russia. Peter wachiwiri, nkhondo yachiwiri. Mu 1943 Käthe adasamuka ku Berlin pothawa mabomba, ndipo mu November chaka chomwecho nyumba yomwe adakhalamo zaka zoposa 50 idaphulitsidwa, zithunzi ndi makalata ambiri n'kupsera momwemo. Adamwalira pa 22 April 1945 ku Moritzburg, pafupi ndi Dresden, kutatsala masiku 16 kuti nkhondo ithe ku Ulaya.

Nanga kachosema kake kadapezeka bwanji mu Neue Wache? Nyumbayi payokha ili ndi mbiri yosinthasintha ngati bilimankhwe. Adaimanga Karl Friedrich Schinkel pakati pa 1816 ndi 1818 kuti muzikhala alonda a mfumu. Mu 1931 katswiri wa zomangamanga Heinrich Tessenow adaisandutsa malo okumbukira asilikali a nkhondo yoyamba, ndipo ndi iye adaboola denga lija. A Nazi adaigwiritsa ntchito pa maperete awo otamanda ngwazi. Dziko litagawika pawiri idagwera ku East Germany, komwe boma lachikomyunizimu lidayatsamo moto wosazima n'kuikamo mafupa a msilikali wosadziwika ndi a mkaidi wosadziwika wa m'ndende za Nazi. Boma lililonse lidabwera ndi akufa ake.

Germany itagwirizananso mu 1990, padafunika malo amodzi okumbukirapo onse. Mtsogoleri wa boma Helmut Kohl adasankha yekha chosema cha Kollwitz, popanda mpikisano wa akatswiri monga zimakhalira kawirikawiri pa ntchito zotere. Wosema wina, Harald Haacke, adachikulitsa pafupifupi kanayi, ndipo malowo adatsegulidwa pa 14 November 1993.

Mkangano udabuka, ndipo sudali wachibwana. Katswiri wa mbiri yakale Reinhart Koselleck adatsutsa kuti chithunzi cha mayi wonyamula mwana wamwamuna n'chochokera m'Chikhristu, ndiye Ayuda 6 miliyoni omwe adaphedwa ndi a Nazi chingawaimire bwanji? Komanso m'nkhondo yachiwiri amayi eniakewo adaphedwa pamodzi ndi ana awo, padalibe mayi wotsala kuti alire. Ena adadandaula ndi mawu olembedwa pansi, omwe amangoti malowa ndi a onse ovutika ndi nkhondo ndi ulamuliro wankhanza. Mawu otere amaika m'dengu limodzi msilikali wa Hitler ndi mwana yemwe msilikaliyo adamupha. Mapeto ake pakhomo adaikapo chikwangwani chotchula magulu a ozunzidwa limodzi ndi limodzi: Ayuda, a Sinti ndi Roma, olumala, ophedwa chifukwa cha ndale kapena chipembedzo, ndi ena. Mtsogoleri wa Ayuda ku Germany, Ignatz Bubis, adavomera atalonjezedwa kuti Ayuda adzakhala ndi chikumbutso chawochawo, chomwe chidatsegulidwa mu 2005 cha kufupi ndi chipata cha Brandenburg.

Adzukulu a Käthe nawo adaika mfundo yawo. Adalola kuti chosemacho chikulitsidwe pokhapokha ziboliboli za akazembe ankhondo awiri, Scharnhorst ndi Bülow, zomwe kale zinkaima kutsogolo kwa nyumbayi, zisabwezeretsedwe pamalopo. Sadafune kuti agogo awo azilonderedwa ndi akazembe.

Kunena zoona, otsutsawo adali ndi mfundo. Kanthu komwe munthu waumba m'chipinda mwake pokambirana ndi mwana wake wakufa kamasintha ukakakulitsa kanayi n'kuimikapo asilikali a perete. Käthe ankadziimba mlandu yekha, dzina lake ndi nkhope yake zili poyera. Boma likabwereka chisoni chimenecho limatha kubisalamo, aliyense n'kusanduka wolira, wolakwa osapezeka. Komabe ndikayang'ana zomwe mayiko ambiri amaika pamalo otere, akazembe pa hatchi, mizinga, ziwombankhanga, ndimaona kuti dziko lomwe lidagwetsa Ulaya m'moto mu 1939 likadatha kusankha zoipa kuposa gogo wokhala pansi pamvula. Mtsogoleri aliyense wodzaika nkhata amayenera kuwerama pamaso pa mayi yemwe adavomera kutumiza mwana kunkhondo n'kukhala zaka 30 akunong'oneza bondo.

Koma ntchito yomwe iye mwini adaipangira manda, yomwe adasankha yekha kukula kwake, mwala wake ndi malo ake, ili ku Belgium. M'zaka za m'ma 1950 manda ang'onoang'ono a asilikali a Germany adawaphatikiza, ndipo mafupa a Peter pamodzi ndi makolo amwala aja adasamutsidwira ku Vladslo, komwe kwagona asilikali oposa 25,000 pansi pa mitengo ikuluikulu. Mu 2014 adasema makolo ena ofanana nawo n'kukawaika pa manda a asilikali a Germany ku Rzhev m'dziko la Russia, dera lomwe Peter wachiwiri adafera. Ku Vladslo kulibe mitanda ya munthu mmodzimmodzi, kuli timiyala tafulati togonekedwa pa udzu, kalikonse kali ndi mayina ambirimbiri. Dzina la Peter Kollwitz lili pa kamwala komwe kali patsogolo penipeni pa bambo wogwadayo, pakati pa mayina a anyamata ena.